Khosi Lopepuka la Handulo ya Kumbuyo

4 Malichi

Kabatani wanga,

Landira moni wa bambo ako. Uli bwanji kutaliko ndi mabasi ako aataliwo? Kuno tili bwino. Azakhali ako ali bwino kwambiri, moti akuyankhula kuposa kale. Makina osokera akuyenda, bondo lakumanzere nalo likuyesetsa.

Tsono usaseke. Ndapanga njinga ya anthu awiri. Ndinatenga njinga yanga yakuda ija ndi ina yobiriwira imene ndinaitola kwa ogulitsa zitsulo zakale, n'kupita nazo kwa wowotcherera wa kuseri kwa msika. Tinazidula, tinazilumikiza ngati mmene ndimalumikizira nsalu ziwiri zotsala. Tsopano ndi njinga imodzi, zishalo ziwiri, mapedulo anayi, matcheni awiri, belu limodzi. Ndi yaitali moti pokhota m'kanjira ka kwathu ndimayamba ndapepesa kwa mpanda wa aneba.

Vuto nali. Wokwera kumbuyo ali ndi handulo yakeyake, yongogwira, yosawongolera. Handuloyo imagwiridwa ndi kachitsulo kamene timati khosi, kochokera pansi pa chishalo cha wakutsogolo, ndiye kuti changa. Wowotcherera anandipangira khosi la paipi ya madzi. Mwanangu, limenelija si khosi, ndi mpini wa khasu wachitsulo. Ndinaliika pa sikelo: kilo imodzi ndi theka! Chifukwa cha khosi limeneli chitunda cha kwa ocheka matabwa chikutikanika. Timafika pakati, pamene pali mulu wa utuchi, n'kutsika kumakankha.

Ndamva kuti kumeneko kuli makosi a aluminiyamu, oti ukaika m'thumba la shati umaiwala kuti muli kanthu. Ndifunire limodzi, lopepukitsitsa. Miyeso nayi. Chitsulo chimene chimanyamula chishalo changa, masentimita 8 ndi theka. Mkono wa wokwera kumbuyo, kuchokera paphewa kufika pamene pamathera mkono wa malaya, 52. Mapewa, 44.

Usandiimbire foni za nkhaniyi. Pa shopu makutu ndi ochuluka kuposa makasitomala, ndipo azakhali ako amamva foni ngakhale ili m'thumba la munthu wina. Lemba kalata.

Ndine bambo ako,
telala wosalakwitsa muyeso


19 Malichi

Bambo anga okondedwa,

Moni wanu ndalandira ndi manja awiri. Ine ndili bwino, mabasi nawo akundimvera. Kalata yanu ndinaiwerengera pa depoti nthawi yopuma, ndipo ndinaseka mpaka mnzanga wina anandithamangira ndi madzi poganiza kuti ndatsamwa.

Koma Bambo, mumayesa sindizindikira? Ndangokuuzani kuti ndibwera mu Disembala, inu mwathamangira kupanga njinga ya anthu awiri! Ndasangalala mpaka misozi. Ndakumbukira mmene munkandinyamulira pa kaliyala popita kusukulu, mutandimangirira katsamiro ka zigamba, ine nditagwira lamba wanu, inu mukufuula kuti, "Miyendo kutali ndi masipoko!" Tsopano ndidzakhala ndi mapedulo angaanga. Chimodzi chokha: ine ndimawongolera basi ya anthu makumi asanu ndi limodzi tsiku lililonse, ndiye handulo yosakhota idzandiyabwa m'manja. Koma ndidzapirira.

Loweruka ndinayenda masitolo atatu a njinga. Koyamba anandionetsa makosi a kutsogolo okhaokha. Kwachiwiri wogulitsa anandiyang'ana ngati ndafunsa mazira a tambala. Kwachitatu ndinapeza mkulu wina wandevu, manja bii ndi girisi, amene anamva msanga chimene ndikufuna. Koma nditamuonetsa muyeso wa chitsulo cha chishalo chanu, anayamba wakhala pansi.

"Masentimita asanu ndi atatu ndi theka?" anatero. "Bambo anu amakhala pa njinga kapena pa paipi ya kuchimbudzi?"

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti bambo anga ndi telala wa zaka makumi anayi pa ntchito, ndipo salakwitsa muyeso. Atangomva kuti telala, anaseka mpaka ndevu kugwedezeka. Bambo, chitsulo munachiyeza mozunguliza, ngati chiuno cha munthu wofuna thalauza! A njinga amayeza mopingasa, kuchokera mbali iyi kufika mbali iyo. Wandevuyo anagawa muyeso wanu patatu ndi kanyenyeswa, n'kupeza mamilimita 27. Akuti muyeso ndi wolondola ndithu, kungoti ndi wa chiuno.

Pa mkono pokha ndiye mwaphonyadi. 52 ndi mkono wanga wa pamene ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndinakula, Bambo, ndipo ndinatengera mikono yanu yaitaliyo. Wandevu wandiyeza, wapeza 61, ndipo waitanitsa khosi lalifupi, poti mikono yaitali imafika yokha pa handulo. Lifika sabata yamawa.

Amene mukuyesera naye njinga panopa, kaya ndi wowotchererayo, mumuuze asazolowere mpando wa eni.

Mwana wanu,
Kabatani


2 Epulo

Kabatani,

Moni mwanangu, ndakondwa kuti uli bwino. Za chiuno cha chitsulo ndamva. Muuze wandevu wakoyo kuti chinthu chilichonse chozungulira chili ndi chiuno, ndipo akadzabwera kuno ndidzamuyeza chake kwaulere.

Koma za mkono usasinthe chilichonse. 52 ndi 52. Muyeso umenewu sindinaulote, ndausoka kambirimbiri, ndikhoza kuudula ndili chitsinzinire. Khosi likhale lalitali, lofikira munthu wa mikono yaifupi. Iwe ukabwera mu Disembala udzakwera ndithu, njinga si ya munthu mmodzi. Ndikutanthauza kuti ndi ya anthu awiri. Ndikutanthauza kuti anthu awiriwo amatha kusinthana. Apa ndalemba n'kufufuta katatu, waona wekha kuti pepala labooka.

Chonde fulumira. Likufunika tsiku la 28 Juni lisanafike. Usandifunse chifukwa chake, ndikayamba kufotokoza inki itha.

Dzulo tinayesanso chitunda. Tinapitirira mulu wa utuchi ndi mapazi khumi, ocheka matabwa anazimitsa makina n'kuyamba kutiwombera m'manja, kenako tinatsika. Mtima unkagunda ngati makina osathira mafuta, koma ndinaseka njira yonse yobwerera. Masiku ano ndikumeta ndevu m'mawa uliwonse, ndipo ndadzisokera shati yachikasu. Sindikudziwa, mwina ndi mphepo ya chaka chino imene ikundiyanja.

Bambo ako


5 Epulo

Mwana wa mlongo wanga,

Moni, ndine azakhali ako. Ndikudziwa kuti bambo ako akulemberana nawe, ndinaona envulopu pansi pa bokosi la mabatani. Ndikudziwanso kuti sanakuuze kanthu, chifukwa munthu ameneyu kuyambira ali mwana nkhani amaiyendera cham'mbali ngati nkhanu. Ndiye ndati ndikutsine khutu ine.

Galu wamkota sakandira pachabe. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, wa bondo lolira, angadule njinga ziwiri chifukwa cha Disembala? Wokwera kumbuyo ndi amayi a buledi, aja a uvuni wa pakona moyang'anizana ndi sitolo ya utoto, amene ankakupatsa banzi ukakhoza mayeso. Amuna awo anamwalira kalekale. Zaka khumi ndi zisanu bambo ako akhala akuwasokera madiresi ndi maepuloni, ndipo nkhani zawo zinali "apa pathina, apa pakhwepa," basi. Chaka chino ndangoona buledi akubwera pakhomo yekha, wotentha.

Ukanaona! Dzuwa likapendeka amatseka shopu n'kunyamuka. Bambo ako kutsogolo, owonda ngati singano, shati yachikasu ili pepepe. Amayi a buledi kumbuyo, ndipo ukuwadziwa, Mulungu sanawamane thupi. Akafika pakati pa chitunda bambo ako lilime lili panja, amatsika. Amayiwo amati, "Pepani atelala, ndine wolemera." Bambo ako kudumpha ngati aponda khala lamoto: "Ayi mayi! Inu? Inu ndinu nthenga! Ndi khosi ili!" Tsiku lina anafika polimasula khosilo n'kukaliika pa sikelo ya ufa ya amayiwo, ogula buledi onse ali mboni.

Tsono nkhani yeniyeni nayi. Analumbira mumtima, ndipo mtima wake umayankhula mokweza akamasoka, kuti tsiku limene adzafike nawo pamwamba, pa thanki ya madzi, osatsika, pomwepo adzawafunsira ukwati. Mawu ake ine ndawaloweza kale, poti amawabwereza kwa chidole choyezera madiresi chija. Koma mwana wa amayiwo, uja ali kumzinda, akubwera ndi lole pa 28 Juni kudzawatenga. Akuti atopa ndi uvuni, akalere zidzukulu. Iwo anamuyankha kuti, "Chabwino, palibe wandiuza kuti ndikhale."

Ndinamuuza mlongo wanga kuti afunsire pansi pomwe pano, pamalo osalala, mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Akuti ayi, mwamuna wolephera chitunda angasenze banja? Ndinafuna kumumenya ndi simbi.

Ndisaname, poyamba zinandinyansa. Koma chimwalirireni mayi ako, zaka zisanu ndi chimodzi, munthu uyu sindinamumvepo akuimba likhweru. Pano akuimba mpaka kutisowetsa mtendere. Tumiza chitsulocho, iwe.

Azakhali ako


9 Meyi

Kabatani, mwana wanga,

Moni. Uli bwino kodi? Masabata asanu m'bokosi la ku positi mulibe kanthu. Kalaliki wayamba kundipukusira mutu ndisanalowe n'komwe. Foni yako ikungoitana.

Azakhali ako aulula kuti anakulembera. Ndinakwiya tsiku limodzi, kenako ndinaona kuti wolakwa ndine. Iwe unasangalala kuti mpando ndi wako, ine ndinachita mantha kukuuza zoona. Pepa, mwanangu.

Mayi ako sindinawaiwale ndipo sindidzawaiwala. Koma m'nyumba muno muli zii, ndipo munthu uja akaseka ndimayambanso kufuna kuona mawa. Ngati zakupweteka, nena, njingayo ndikaipachika kudenga. Kukhala chete kokhako ndiye ayi.

Bambo ako


12 Meyi

Kwa inu mwana wa atelala,

Moni. Ndine mayi wa buledi wa pakona. Adiresi ndinaipeza kwa azakhali anu, ndipo sanavute n'komwe. Pepani ndi ufa uli papepalali, kwathu kuno palibe chinthu chopanda ufa. Sindinazolowere makalata, choncho ndingonena ziwiri.

Choyamba ndi cha amayi anu. Anagula kwa ine zaka khumi ndi ziwiri. Ankatsina buledi aliyense pansi asanasankhe, ndipo tsiku lina anandibwezera awiri n'kundiuza pamaso pa anthu kuti ndachepetsa mchere. Ankanena zoona. Ndinkawaopa ndipo ndinkawakonda. Malo awo sindikuwafuna, sindingakwanemo.

Chachiwiri ndi chinsinsi, bambo anu asamve. Kulemera kwa khosi lija si vuto. Inenso si vuto. Ine ndinapalasa njinga ya buledi zaka makumi awiri ndi ziwiri, makireti anayi kumbuyo, ndipo chitunda chimenechi ndinkachikwera kawiri m'mawa uliwonse ndikuimba. Vuto ndi lakuti wowotcherera anakoleka paipi yake pa bawuti yomweyo imene imagwira chishalo cha bambo anu. Munthu akamakwera chitunda amakoka handulo. Tsiku loyamba ndinakoka kamodzi kokha. Chishalo chinatembenuka nawo, anapezeka ayang'ana sitolo ya utoto njinga ikupita kutsogolo, tonse awiri m'ngalande khu!

Iwo anaganiza kuti alephera kuwongolera, ndipo anandipepesa sabata yathunthu. Kuyambira tsiku limenelo miyendo yanga imangotsatira mapedulo, mphamvu sindiika. Munthu wamkulu akundikoka yekha ngati thumba la ufa, n'kumanditchula nthenga. Ndikaulula adziwa kuti amene anawagwetsa ndine, adziwanso kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikunyamulidwa. Ndingayambire pati? Ndimakhala kumbuyoko kuyang'ana thukuta likutsika pa shati yachikasu, kufuna kuseka, kufunanso kulira.

Ndiye ngati mutumize, musavutike ndi kupepuka. Funani loluma chitsulo chenichenicho, la mabawuti awiri, losakhudza chishalo. Zotsalazo mundisiyire ine.

Ngati simukufuna, ndimvetsa. Ndidzakwera lole ya mwana wanga, ndipo sindidzakusungirani kanthu mumtima. Zimene akufuna kukanena pa thanki ndikuzidziwa, msewu wonse ukuzidziwa, ndipo yankho ndili nalo kale. Koma sindingayankhe mwana wawo ali chete.

Ndine,
mayi wa buledi


27 Meyi

Bambo,

Moni, ndili moyo, ndili bwino. Pepani pokusiyani m'malere.

Ndisabise, zinandipweteka. Ndinalira, ndinachita nsanje ngati kamwana kolandidwa bere, ndipo ndikakumbukira kalata yanga ija ya "mpando wa eni" ndinkafuna kulowa pansi pa basi ndi manyazi. Khosi linafika kalekale, lalifupi, lopepuka ngati supuni. Linakhala pawindo masabata asanu ndi atatu, ine kumalidutsa osalipatsa moni.

Kenako ndinawerenga kalata yanu, ndi zina zimene si za inu. Ndinayamba ndi kulira, ndinamaliza ndi kuseka, ndipo tsiku limenelo ndinaphonya siteji kawiri, okwera akundiimbira belu ngati amisala. Mawa lake ndinabwerera kwa wandevu. Ndinamufotokozera zonse, mpaka za thanki. Anavula magalasi, anakwera pa makwerero, anatsitsa bokosi lafumbi limene akuti sanalitsegule zaka zisanu ndi zitatu. M'menemo munali khosi lotalikitsika, lolowa n'kutuluka ngati mlongoti wa wailesi, la mabawuti awiri akuluakulu. Mukalikoka lifikira mkono wa 52 bwinobwino.

Limalemera magalamu 310. Loyamba lija linali 140, koma musadandaule, wandevu akuti aluminiyamu ameneyu ndi wa mtundu umene umapepuka kwambiri pa chitunda. Musafunse zambiri, ndi za akatswiri.

Tsono tamverani, Bambo, ndipo tepi yanu ikhale m'thumba. Limangeni pa chitsulo, zala zitatu pansi pa chishalo, lisakhudze chishalo ngakhale pang'ono. Ndaikamo kiyi wake wopindika. Wandevu waonjezera kamkombero kolimbitsira chitsulocho pa njinga, akuti ndi mphatso yake kwa telala. Mumange zonse mpaka dzanja lipweteke, mupume, mumangenso.

Ndatumiza lero, akuti masabata atatu. Mukafika pa thanki n'kukhala chete, ndikwera ndege kudzakufunsirani ine. Mundiperekere moni kwa amayi a buledi. Muwauze kuti ndati mchere asachepetse, amva okha.

Kabatani wanu


26 Juni

Iwe mwana,

Ndine azakhali ako. Ndikudziwa kuti kalatayi ifika zonse zitachitika, koma ndikapanda kulemba ndiphulika.

Kalata yako inafika, phukusi ayi. Masabata atatu anatha, sabata yachinayi inatha. Bambo ako ankapita ku positi katatu pa tsiku, mpaka kalaliki anawaikira mpando. Likhweru linasiya. Lolemba amayi a buledi anazimitsa uvuni, mabeseni onse m'makatoni, msewu wonse kuyamba kudya buledi wa m'pulasitiki ndi nkhope zamaliro. Ine ndinasiya kuyankhula maola awiri athunthu, ufunse aliyense.

Lero m'mawa ndikudutsa kwa wokonza njinga wa pansi pa mtengo, ndaona kabokosi kali ndi misomali, pamwamba pake pali zolemba zako zopendeka zija. Ndinakuwa! Wogawa makalata ataona chithunzi cha njinga pa bokosi sanawerenge n'komwe, anati telala angatani ndi zitsulo, n'kukasiya kumeneko. Wokonza njingayo masiku asanu ndi anayi wakhala akulitembenuza khosi lako osadziwa kuti ndi la chiyani, mapeto ake analipachika pa nthambi n'kumakolekapo chipewa. Zimene ndinamuuza sindingazilembe, ndine munthu wopemphera.

Panopa bambo ako agwada pakhonde, kalata yako aitsamiritsa ndi sizasi, akumanga. Ayeza zala zitatu kasanu, akuti zala zawo n'zowonda, mwina umatanthauza zako. Lole ikubwera mkuja.

Azakhali ako


29 Juni

Kwa inu mwana wa atelala,

Moni wa mchere ndinaulandira, ndipo ndinaumva. Bambo anu akuti alemba okha pambuyo pake, ndiye ndati ndiyambe ine.

Dzana sanabwere. Tsiku lonse anali kumanga, kumasula, kumanganso, kenako kusita shati. Dzulo m'mawa lole inaima pakhomo, mwana wanga akukweza makatoni, ine nditavala nsapato zapaulendo. Katoni yachisanu ndi chimodzi itakwera ndinamva belu. Anali iwo, akukankha njinga, nkhope ngati munthu wopita kukazula dzino.

"Mayi," anatero, "tiyeseko komaliza."

Mwana wanga anati, "Amayi, nthawi." Ndinamuuza kuti ine ndinamudikira iyeyo miyezi isanu ndi inayi, akhoza kundidikira theka la ola.

Tinanyamuka. Handulo inali pamalo pake penipeni, ngati anandiyeza dzulo. Pamalo osalala ndinangotsatira mapedulo monga kale. Titayamba chitunda ndinakoka pang'ono. Chishalo chili nji. Ndinakokanso mwamphamvu. Chili nji. Titafika pa mulu wa utuchi ndinamva bambo anu ayamba wefuwefu, njinga ikugwedera, phazi lawo likufunafuna pansi. Ndinati mumtima, lero ndi lero. Ndinaimirira pa mapedulo.

Mwanawe! Njinga inauluka. Zaka makumi awiri ndi ziwiri za makireti zinabwerera m'miyendo tsiku limodzi. Mapedulo ankazungulira moti mapazi a bambo anu ankachita kuwathamangira, shati itafufuma ngati buledi wa yisiti wambiri, iwo akukuwa, "Mukuona mayi? Mukuona kupepuka?" Ine, "Ndikuona atelala, palasani!" Ocheka matabwa anataya thabwa n'kuyamba kutithamangira. Tinapitirira ngolo ya mchenga, tinapitirira wa njinga yamoto amene anatiyang'ana ngati waona mzukwa. Thanki tinaipitiriranso, tinakaima patsogolo pa mpanda wa sukulu, mabuleki akulira.

Anatsika. Anagwira mpanda ndi dzanja limodzi, lina anakweza chala m'mwamba kuti ndidikire. Pakamwa pali yasa, mawu osatuluka. "Mayi... ine... inu..." Basi. Anayesanso. "Kuyambira... pamene..." Mpweya unathera pomwepo. Kumunsi lole inayamba kuliza hutala. Ndinadikira mpaka hutala yachitatu, ndipo ndinaona kuti munthu uyu akomoka asanafike pa funso.

Ndinati, "Atelala, pumani. Ndavomera."

Anakhala pansi m'fumbi ndi thalauza losita, akuseka, misozi ikutsika, ine chimodzimodzi. Koma mpweya utabwerera anadzuka, anakonza kolala, n'kunena kuti mawu amene anawayeserera miyezi inayi sangawataye. Anawanena onse, kuyambira pachiyambi, ocheka matabwa asanu ataima pambali atavula zipewa. Ndi aatali, mwanangu. Ali ndi ndime zitatu. Ndinavomeranso kachiwiri kumapeto.

Mwana wanga anatsitsa makatoni akung'ung'udza za mafuta a lole, koma pochoka anawagwira dzanja bambo anu nthawi yaitali. Uvuni ndauyatsa lero m'mawa. Azakhali anu akuuza aliyense kuti zonsezi anakonza ndi iwo.

Bambo anu nawo akuuza aliyense kuti chinathandiza ndi kupepuka kwa khosi. Paipi yakale aipachika pa shopu ndi kapepala kolemba kulemera kwake, kuti anthu aone mdani. Ine sindinawatsutse, inunso musadzawatsutse. Vuto ndi limodzi: akuti poti njinga yapepuka chonchi, Lamlungu tikayese chitunda cha kuchipatala, chija chachitali kawiri. Mundipempherere miyendo.

Zikomo chifukwa cha mabawuti awiri aja. Ndikudziwa kuti kutumiza sikunali kophweka.

Kalata yoyamba ndinasaina kuti mayi wa buledi. Lero ndagwira cholembera nthawi yaitali, sindikudziwa kuti ndilembe chiyani. Ndiye ndasiya mpata m'munsimu. Mudzalembemo nokha, tsiku limene mudzafune.

Ndine,